Kirapi Zafika m'Zitsa

Lolemba, 17 Malichi

Mphepo yaleka. Dzuwa tsiku lonse. Mitengo ya kuseri kwa tchalitchi yachita maluwa oyera, ndiye kuti nsomba za kirapi zayandikira kumtunda kudzaikira mazira. Tauni yonse ikudziwa. Amuna anga a Purvis akudziwanso, ngakhale sanaponde panja chiyambire Januwale.

Atsegula okha katani ndi dzanja lamanzere. Pampando, pawindo, maso pa boti. Boti lili pomwe analisiya, pangolo yake, masamba ali tho m'kati. Ndawapatsa phala, alikankha. Mukumva kupweteka? Ayi. Wailesi? Ayi. Mawu amene sitiroko inawasiyira ndi ochepa: ayi, eya, dzina langa loti Earline, ndi lina lotukwana limene sankalitchula ali bwinobwino. Lero lotukwanalo ndiye lagwira ntchito.

Ine miyendo kuyabwa. Ndakolopa pansi posada. Ndatsukanso mbale zotsuka kale. Zaka zonse zija ndikuphikira ana kusukulu ndinkalota tsiku lopuma. Kupuma kwake nkumeneku?

Renita waimba kuchokera ku Memphis. Nyimbo yomwe ija: "Amayi, chipinda chilipo, kophunzitsa odwala kuyenda ndi pafupi, mukudikira chiyani?" Ndati bambo ako sangakhale kutali ndi nyanja ya Pettis. Iye: "Nyanja imene sangaifikenso?" Mwana ameneyu pakamwa anatengera azakhali ake.

Lachitatu, 19 Malichi

Alamu anga a Wardell, ang'ono awo a Purvis. Chipewa m'manja, diso pa boti. Kulankhula ndi achimwene awo mokuwa ngati sitiroko inatseka makutu. Panja andikokera pambali: "Mlamu, botili likungoola apa. Ndigulitseni, ndalamayo ikuthandizeni pa mankhwala." Ndati boti lamalata liola bwanji? Aseka. M'nyumba ndodo ya a Purvis gu! gu! pansi. Anamva zonse.

Madzulo Mayi Ozella a nyumba yoyandikana nafe abwera ndi nsomba m'ndowa. Iwowa tsiku lililonse ali m'mbali mwa nyanja, chipewa chachikulu, nsungwi m'manja, zaka zapitirira makumi asanu ndi awiri koma msana uli njo. Ndakazinga mu ufa wachimanga. Ndachotsa minga imodziimodzi. A Purvis adya zonse. Zonse! Koyamba chitulukire m'chipatala. Kenako atambasula zala kusonyeza kuti zinali zazing'ono.

Mayi Ozella: "Zazing'ono? Dzukanitu mukagwire zanu, bambo aulesi inu." Aseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Ine ndathawira kukhitchini.

Lachinayi, 20 Malichi

Namwino woongola ziwalo amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa. Lero atangolowa, Mayi Ozella pakhomo: "Tiye kunyanja, Earline. Nkhope yako yayamba kufanana ndi makoma a nyumbayi." Ndati sindingawasiye. Namwino wati pitani, amayi, ndilipo.

Ndinagwira mbedza komaliza ndili kamtsikana. Muukwati wonsewu ntchito yanga inali kupala, kutumbula, kukazinga. M'boti sindinalowemo ndi tsiku limodzi lomwe. Kusambira sindidziwa. Madzi ndimawaopa.

Koma kumtunda si m'boti. Kukhala pa ndowa yovundikira. Katemba kamoyo pambedza, kampira kofiira koyandama. Phee. Achule. Fungo la matope. Sindinaganize za mankhwala, za thewera la pabedi, za munthu aliyense. Kenako kampira kayamba kuyenda chammbali pang'onopang'ono, n'kuti nyomi. Ndakoka mwamphamvu, mbedza yabwera yokha. Mayi Ozella: "Ukukoka ng'ombe? Kirapi milomo yake ndi pepala, umangoinyamula ngati dzira."

Yachiwiri ndainyamula ngati dzira. Yasiliva, mawanga akuda, kukula ngati chikhatho.  Ndakuwa ngati mwana.

Ndabwera mochedwa, namwino ataima kale pakhonde ndi chikwama chake. Ndasamba m'manja ndi sopo. Powapatsa madzi, a Purvis agwira dzanja langa, alinunkhiza. Andiyang'ana nthawi yaitali. Palibe ayi, palibe eya.

Lamulungu, 23 Malichi

Kutchalitchi thupi lokha. Mtima kunyanja. Abusa akulalikira za Yobu, ine ndikudzifunsa ngati mphepo ya kumwera ikankhira nsomba kutsidya. Potuluka alongo a kwaya kundikumbatira: "Mlongo Earline, chipiriro chanu ndi phunziro kwa ife tonse." Akanadziwa kuti chiyambire Lachinayi ndikungowerengera kuti Lachiwiri lifika liti.

Nkhuku, mpunga, masamba. A Purvis angotolatola.

Ndatsegula shedi yawo kufuna chingwe. Nsungwi zili pamzere, mbedza m'timabotolo, chilichonse pamalo pake. Jekete lawo pamsomali. Ndaima momwemo mpaka andiitana.

Lachiwiri, 25 Malichi

Kuzizira kwabwerera. Mitambo. M'mawa wonse tinsomba ta bulimu tiwiri tokha, toti mphaka angakuseke. Mayi Ozella akuti kirapi zathawa kumtunda, zili kuya, m'zitsa za kutsidya. "Uko ndi kwa eni maboti. Ife amphawi tidikire dzuwa." Tayang'ana maboti a anthu ali ndii pakati pa mitengo, nsungwi zikukwera ndi kutsika.

Boti lili pakhomo panga. Ndaganiza zimenezo, ndadzidzudzula, ndaganizanso.

Renita watumiza zithunzi za chipinda. Makatani achikasu. Chogwirira m'bafa. Sindinawaonetse bambo ake.

Lachisanu, 28 Malichi

Mtima sunakhazikikebe.

Ndinangopita kusitolo kukagula mkaka ndi buledi. Ndinawasiya akuodzera. Pobwera, mpando uli wokha. Chitseko chili pululu. Ndathamanga kuchipinda, kubafa, ndikuitana ngati wamisala. Kenako ndamva liwu lotukwana lija kuseri.

Ali gone pa udzu, pambali pa boti. Ndodo uko. Dzanja lamanzere lagwirabe tayala la ngolo. Mlomo wang'ambika, magazi pamalaya. Masitepe a pakhonde anatsika bwanji okha? Ndayesa kuwadzutsa, ndalephera. Munthu waonda koma mafupa ndi omwe aja. Mayi Ozella amva kukuwa kwanga, aimitsa bambo wopereka makalata, tawanyamula atatu.

Sanalire. Ine ndi amene ndalira, ndikuwakalipira. Mukufuna mufere pabwalo ngati galu? Mukufuna anthu anene kuti ndinakusiyani? Iwo maso pakhoma, nsagwada zili gwa.

Mayi Ozella potuluka: "Mwamuna ameneyu ukapanda kumutengera kunyanja, adzapita chokwawa."

Renita sindinamuuze.

Loweruka, 29 Malichi

Ndawafunsa m'mawa ndikuwameta ndevu. Ndikutengereni? Anditembenukira msanga, lezala likanawacheka. "Eya."

Ndaimbira a Wardell. Poyamba moto: "Mlamu, mwapenga? Mukufuna kumiza mbale wanga?" Ndati ndiye bwerani mudzaonetsetse kuti asamire.  Kenako: "Injini ija imafuna mafuta atsopano. Ndibwera nawo." Munthu uyu sindimumvetsa.

Masana taphunzira kubweza galimoto ndi ngolo ya boti chambuyo pabwalo la tchalitchi. Ndati ndiphunzire ndekha, sindifuna kupempha munthu nthawi zonse. Chiwongolero kumanja, ngolo kumanzere. Chiwongolero kumanzere, ngolo yapindika ngati chigongono. A Purvis pampando wa pambali, dzanja likuzungulira m'mwamba, ayi! ayi! ayi! Mayi Ozella kumbuyo akukupiza chipewa: "Ugwetsa nyumba ya Mulungu, mtsikana iwe!" Ndagunda mgolo wa zinyalala. Abusa asuzumira pawindo, atsekanso.

Pomaliza yalowa mowongoka. A Purvis amenya chitseko ndi chikhatho. Eya.

Tulo palibe. Bwanji akagwera m'madzi? Bwanji ndikagwa ine?

Lachitatu, 2 Epulo

Tinapita. Ndilembe zonse ndisanaiwale, ngakhale zina ndikanakonda kuiwala.

M'mawa kofunda, nkhungu pamadzi. A Wardell anawanyamula ngati mwana n'kuwakhazika pampando wa kutsogolo, jekete loyandamitsa titalimanga zolimba. Ine pakati, manja onse awiri atagwira m'mphepete, maso otsinzina. A Wardell: "Tsegulani maso, mlamu, ng'ona za kuno zimadya anthu ang'onoang'ono okha."

A Purvis analoza njira. Osati kumene kunali maboti ena. Kupyola zitsa, kukhota pamtengo wowauka ndi mphezi, kenako dzanja m'mwamba: apa. Pamenepo ankamizapo nthambi chaka ndi chaka kuti nsomba zizibisalamo. Ngakhale mng'ono wawo sankapadziwa. A Wardell anapukusa mutu: "Achimwene, zaka zonsezi mumandinamiza kuti mumagwira pamlatho?"

Nkhope yawo nthawi imeneyo. Anali a Purvis aja. Mphuno m'mwamba kununkhiza mphepo.

Ndinawaikira nyambo, nsungwi m'dzanja lamanzere. Kampira nyomi. Anachedwa kukweza. Yapita. Nyambo ina. Nyomi. Nsungwi inagwedera, chingwe chinakola nthambi. Ndinaika dzanja langa pansi pa lawo kuti ndithandize, analikankha. Kachitatu inakola ndithu, yaikulu, nsungwi inapindika. Anakoka, mitsempha ya m'khosi njo. Ndiye zala zinangomasuka zokha. Nsungwi chubwi m'madzi, n'kumapita, nsomba ikuikoka.

A Wardell anaithamangitsa ndi nkhafi, anaivuula, nsomba ikadali pomwepo. Anaseka, ine ndinasekanso. Tinaganiza kuti nawonso aseka. Anangoyang'ana dzanja lawo lamanja lili lende pamwendo. Titawabwezera nsungwi: ayi.

Ine zinkangobwera. Ndikaponya, nyomi. Ndikaponya, nyomi. Mantha ndinaiwala, ndinafika poimirira m'boti. Ndikatembenuka, akundiyang'ana. Sindikudziwa kuti ankaona chiyani. Ndikanasiya. Sindinasiye.

Dzuwa lisanafike pamutu ananena mawu atsopano, oyamba chiyambire Januwale. Anavutika nawo, milomo ikukana. "Ku... nyumba."

Pobwerera a Wardell anandipatsa chogwirira cha injini. Ndinayendetsa ndekha mpaka kumtunda. 

Nsomba sanadye.

Lachinayi, 3 Epulo

Katani sanatsegule. Mpando autembenuzira kukhoma.

Namwino akuti lero alimbikira kuposa masiku onse, kufinya kampira kolimbitsira dzanja mpaka thukuta. Ine kunyanja sindinapite. Ndazungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira.

A Wardell auza Renita zonse, za kugwa komanso za boti. Akuti zinangowapulumuka. Foni yalira ndikusenda mbatata. "Amayi, munawaika m'boti? Munthu wosatha kuimirira? Inu osadziwa kusambira?" Ndati anafuna okha. "Akafuna kukwera padenga mudzawagwirira makwerero?" Akubwera Loweruka.

Lamulungu, 6 Epulo

Kutchalitchi sitinapite.

Renita anafika dzulo, nkhope ili ndwii. Anaona chipsera cha pamlomo wa bambo ake, anangowapsompsona pamutu. Lero m'mawa ndiye tayambana kukhitchini, monong'ona poyamba, kenako mosasamala. Iye: masitepe, chipatala chili kutali, inu mwatopa, mudzagwa nonse awiri. Ine: bambo ako anabadwira kuno, amayi awo anaikidwa kuno, ukawatsekera m'nyumba yosanja ya mumzinda sadzatha chaka. Ndalankhula zambiri. Ndati iwe unathawa kuno kalekale, ukudziwa chiyani za munthu ameneyu.

Ndodo gu! gu! gu!

Talowa. Atiyang'ana tonse awiri. Anyamula dzanja lakufalo ndi dzanja lamoyo, alikweza kuti tilione, alisiya ligwe. Kenako aloza Renita. Mawu anatenga nthawi. "Mem... fisi."

Ndati a Purvis, simukudziwa chimene mukunena. Nyanja? Boti lanu?

"Memfisi. Eya."

Renita wawafunsa ngati akufuna kukalimbitsa dzanjalo kwa madokotala a kumeneko. Eya, eya, mutu ukugwedera.

Ndabwerera kukhitchini. Renita wanditsata, waima kumbuyo kwanga. Sanakweze mawu. "Amayi, ndiye amene sakufuna kuchoka kuno ndani?"

Ndatsegula mpopi kuti ndisayankhe.

Lachiwiri, 8 Epulo

Apita.

Tinagwirizana kuti iwo atsogole ndi Renita, malo kuchipatala apezeka sabata ino. Ine nditsale, ndilongedze, nditseke nyumba, ndidzatsatire. Liti? Palibe anafunsa. Renita anangoti, "Musafulumire, amayi. Pumulani." Sindikudziwa ngati chinali chifundo kapena mbola.

Malaya, mankhwala, Baibulo, chipewa chawo cha kunyanja chimene anaumirira. A Wardell anabwera kudzathandiza kuwakweza m'galimoto. Ndipo sanachedwe: "Achimwene, poti mukupita, za boti zija..." A Purvis: ayi. Analoza boti, analoza ine. "Earline."

A Wardell anakanda m'mutu. "Mlamu, mukadzafuna woyendetsa, ndilipo." Ndati woyendetsa alipo kale.

Chikwatiranireni sitinasiyanepo chonchi, kupatula masiku a m'chipatala. Galimoto itakhota ndinaima pamsewu. Ndinayembekeza misozi. M'malo mwake, Mulungu andikhululukire, ndinayang'ana kumwamba kuona nyengo.

Lachinayi, 10 Epulo

Dzulo kunyanja. Lero kunyanja. Makatoni ali pabalaza opanda kanthu.

Ndatsitsa boti ndekha, amuna a pamalo otsitsira akundionerera, wina n'kumati, "Mayi, tikuthandizeni?" Ayi, zikomo. Mayi Ozella akwera atavala jekete la a Purvis lofika m'maondo. Moyo wawo wonse kuwedzera kumtunda. Titafika pakati agwira chipewa: "Ambuye Yesu, kodi nyanjayi ndi yaikulu chonchi?"

Panthambi za a Purvis. Kirapi zili pachimake, zonenepa, mimba zodzaza mazira. Bulimu zamakosi ofiira. Taseka mpaka nthiti kuwawa. Mayi Ozella ayimba nyimbo ya kwaya, mawu ake asintha, zosalembeka. Palibe wotchi, palibe wondidikira. Mapewa apsa ndi dzuwa.

Imodzi yaikulu kuposa zonse zimene ndinaziona m'khitchini mwanga. Ndafika nayo kunyumba, ndakankha chitseko ndi phazi, ndaikweza m'mwamba: taonani iyi, munene kuti ndi yaing'ono!

Mpando uli wokha.

Ndaima pamenepo, nsomba ikudontha madzi pamkeka.

Ndapala zonse. Ndakazinga ziwiri, ndadya theka la imodzi, choimirira.

Lachisanu, 11 Epulo

Kunyanja ayi. Kulongedza ayi. Ndatsegula makabati, ndatseka. Ndakhala pampando wawo, ndanyamuka. Nyumba ikulira ngati chitini.

Renita waimba masana. Akuti madokotala awakonda, akuti chala chachikulu cha kumanja chagwedera pang'ono. Chagwedera! Ine kulibe. Koma kudya akukana. Nkhuku yowiritsa yopanda mchere, ndani angadye? Wawaika pafoni. Kupuma kokha. Ndawauza za nsomba yaikulu ija, za Mayi Ozella ndi jekete. Phokoso lina, mwina kuseka. Kenako: "Earline." Ndati ndili pano. "Earline." Ndati ndamva, bambo.

Ndafunsa Renita ngati kufupi ndi kwawoko kuli nyanja. Wati zilipo, bwanji? Ndati palibe.

Mayi Ozella ndawauza pampanda kuti mawa ndikupita ku Memphis.  Iwo: "Pita. Nsomba zili paliponse, koma wokutukwana ndi mmodzi." Ndawalonjeza kuti ndizibwera kudzawatenga. Ati, "Usandilonjeze, ingobwera."

Loweruka, 12 Epulo

M'mawa. Khofi wazizira.

Nsomba zili m'bokosi la ayezi. Ufa wachimanga, chiwaya changa chachitsulo, mchere. Zovala m'sutikesi imodzi, zina zidzatsatira. Mafungulo a nyumba kwa Mayi Ozella. Madzi ndatseka.

Boti ndalimanga kumbuyo kwa galimoto. Nsungwi zonse zili m'kati, yawo ija pamwamba. A Wardell adutsa kudzaona magetsi a ngolo ndi mpweya wa matayala. Akuti, "Mlamu, mumzinda muja mudzapha anthu ndi chinthu ichi." Andijambulira njira yopewa mlatho waukulu.

Mumsewu wa mizere yambiri sindinayendetsemo chibadwire.  Renita sakudziwa za boti. Adzati tiliika pati, amayi, kuno kulibe bwalo. Adzaona poliika. Chala chikagwedera, dzanja litsatira, ndipo likadzatsatira lisadzapeze kuti boti linatsala kuno.

A Wardell akuliza hutala. Akuti andiperekeza mpaka pamphambano.